Minsi Itatu Mumtondo Umodzi: Mbiri ya Magetsi Athu ndi Kamphindi Komwe Dziko Limathimira

Kuthima kwa magetsi kuli pawiri, ngakhale mdima wake ndi umodzi. Kulipo kuthima kochita kupangana, kuja timati kugawana magetsi: lero a ku Kawale ndi ku Biwi agonere kandulo, mawa ikhale nthawi ya a ku Area 25. Kumeneko tidakuzolowera ngati njira ya kumsika. Amayi amaphikiratu, wometa amathamangitsa makasitomala ake, wachigayo amadzuka tambala woyamba asanalire. Ndiye kulipo kuthima kwina, kosalawira. Babu amaphethira kamodzi, kawiri, wailesi n'kudula mawu pakati, kenaka zii. Ukatuluka panja n'kuyang'ana cha ku Chinsapo, mdima. Cha ku Area 23, mdima. Foni ikalira, wa ku Mzuzu akufunsa zomwe wa ku Blantyre wafunsa kale: kwanuko aliko? Zikatero dziwani kuti lagwa ndi dziko lonse.

Kuthima kwachiwiriku ndi komwe ndikufuna tikambirane lero, awerengi anzanga. Ine ntchito yanga ndi ya mawu, kumvetsera momwe akugundira mundakatulo, ndipo mwina n'chifukwa chake nkhaniyi idandikoka. Pansi pa masamu onse a mainjiniya, nkhani ya magetsi ndi nkhani ya kugunda pamodzi.

Mudaonako amayi atatu akusinja mumtondo umodzi? Munsi uwu ukamatsika winawo ukukwera, wachitatu uli m'mwamba kudikira mpata wake. Palibe amene akuwerenga, koma aliyense akumva anzake. Tsono tiyerekeze kuti mwana wakoka chitenje cha mmodzi mwa iwo. Mayiyo adzandima pang'ono. Akachira msanga, agwiranso nyimbo ndipo mphale ipitirira. Akachedwa ndi kamphindi chabe, minsi iwombana, chimanga chimwazika, onse atatu n'kuima.

Makina opanga magetsi a ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira amasinja chimodzimodzi. Magetsi a m'mawaya athu sayenda ngati madzi a m'paipi. Amapita ndi kubwera ka 50 pasekondi iliyonse, ndipo makina onse olumikizidwa ayenera kuzungulira mogwirizana ndi kugunda kumeneko. Mphezi ikamenya waya, kapena mtengo ukagwera mawaya, kapena moto wolusa ukadutsa pansi pake m'chilimwe, magetsi amathawira pansi. Pakamphindi kameneko makina sangathe kutumiza mphamvu yake kwa ife, komatu madzi a Shire sakudziwa kanthu, akukankhabe. Makinawo amayamba kuthamanga kusiya anzake. Maswitchi oteteza amayenera kudula waya wovulalayo mwamsangamsanga, mwina m'gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi. Akatero, makina amagwedera uku ndi uku n'kubwerera munyimbo. Akachedwa, makina othamanga aja amadzichotsa okha kuti asapse, otsalawo n'kusenza katundu wa onse, n'kuyamba kufooka. Zida zina zimadula madera ena mwadala pofuna kupepuza katundu. Zikakanika apo, makina amagwa motsatizana ngati nthochi zapaphava lothyoka. Zonsezi zimatha iwe usanamalize kunena kuti "aaa, athimanso."

Funso lomwe mainjiniya amadzifunsa ndi lakuti: kodi makina athu akakankhidwa mwadzidzidzi, abwerera munyimbo kapena agwa? Kuti timvetse chifukwa chake funsoli ndi lolemera kwambiri kuno kwathu, tiyambe tabwerera kumtsinje.

Mu 1859 David Livingstone adakwera Shire pasitima yake yamoto mpaka adakakumana ndi mathithi a Kapichira, pomwe sitimayo sidathe kupitirira. Iye adawatcha mathithi a Murchison, ndipo kwa iye adali chopinga. Pakati pa Matope ndi Chikwawa mtsinjewu umatsika mamita oposa 300, ndipo kutsika komwe kudaletsa sitima ndiko kudadzakhala chuma cha magetsi. Koma mtsinje womwewu uli ndi mbiri yomwe sitikonda kuikumbuka. Kuyambira cha m'ma 1915 mpaka cha m'ma 1935, nyanja idatsika kwambiri moti Shire adaleka kutulutsa madzi ake monga mwa masiku onse. Mchenga ndi bango zidatseka kumtunda. Agogo athu adaziona ndi maso. Pamtsinje umenewo ndi pomwe tidadzamanga moyo wathu wonse wa magetsi.

Nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, atsamunda adali ndi mapulani aakulu a chigwa cha Shire, koma ndalama zikuluzikulu zidapita ku Kariba, damu lomwe lidamalizidwa mu 1959 n'kumapatsa mphamvu migodi ndi mafakitale a anzathu. Bungwe lomwe lidadzakhala ESCOM lidakhazikitsidwa mu 1957. Pamene boma la chitaganya lidafuna kuika ndalama pa Nkula, Dr Banda ndi otsatira ake adakana, poona kuti imeneyo idali nyambo yotimangirira ku Salisbury. Ntchitoyo idadikira ufulu. Mu 1965 adamaliza chotchingira madzi cha ku Liwonde, chija timati Kamuzu Barrage, ndipo mu 1966 Nkula A adayamba kuzungulira ndi mamegawati 24. Padatsatira Tedzani I mu 1973 ndi Tedzani II mu 1977, aliyense mamegawati 20. Nkula B adayamba mu 1980 n'kukula mpaka kufika mamegawati 100 mu 1992. Tedzani III adabwera pakati pa zaka za m'ma 1990, nthawi yomwenso kasiteshoni ka Wovwe ku Karonga kadayamba ndi mamegawati osakwana asanu. Kapichira I adatsegulidwa mu 2000, Kapichira II mu 2013, onse awiri pamodzi mamegawati 129.6. Werengani mainawo kachiwiri. Kupatula Wovwe, onsewo amamwa madzi amodzi. Omwe atuluka ku Nkula ndi omwe akukalowa ku Tedzani, n'kukathera ku Kapichira.

Pamene makinawo ankamangidwa kummwera, anthu ankasamukira pakati. Mu 1968 boma lidakhazikitsa bungwe la Capital City Development Corporation kuti limange likulu latsopano, ndi ngongole yochokera ku South Africa, ndipo mu 1975 Lilongwe adalanda udindo wa Zomba. Kawale ndi Biwi, omwe adayandikana ndi tauni yakale, adadzaza. Ku Area 23 ndi Area 25 anthu adapatsidwa mapoloti kuti azidzimangira okha. Chinsapo ndi Mgona sadadikire pulani ya munthu. Adamera okha, woyambayo kumadzulo, winayo m'mphepete mwa mafakitale a ku Kanengo komwe anthu ankasaka maganyu. Mzinda wonsewu unkayamwa magetsi kuchokera pamtunda wa makilomita oposa 200, kudzera m'mawaya a mavoti 66,000 ndi 132,000.

Kutalika kwa waya si nkhani ya mtengo wa mapolo yokha. Waya wautali ali ngati chingwe chachitali chokokera ngolo: chimatamuka, ndipo ng'ombe ikadzidzimuka ngolo imamva mochedwa. Makina akakhala kutali ndi katundu wawo, kugwirana kwawo kumafooka, ndipo kagwedezeko kakang'ono kamakwana kuwalekanitsa. Kilomita iliyonse ya waya ndi malo enanso pomwe mphezi ingamenye, pomwe mbala ingamasule zitsulo za nsanja n'kukazigulitsa kwa osula mbaula. Ife a ku Lilongwe takhala kunsonga kwa chingwe chimenechi chiyambire.

Anzathu akunja adayamba kale kulimbana ndi funsoli. M'zaka za m'ma 1920, pamene mawaya a ku America adayamba kutalika, mainjiniya adaona kuti pali malire a mphamvu yomwe waya anganyamule makina asanasemphane. Mmodzi mwa omwe adakonza masamu ake adali mayi, Edith Clarke wa kukampani ya General Electric, yemwe mu 1926 adakhala mzimayi woyamba kuwerenga pepala la kafukufuku pamaso pa bungwe la mainjiniya a magetsi a dzikolo. Koma phunziro lowawa lidabwera pa 9 Novembala 1965, chaka chomwe ife tinkamaliza ntchito ya ku Liwonde. Kachida kamodzi koteteza, kotcheredwa molakwika pasiteshoni ya Sir Adam Beck pafupi ndi mathithi a Niagara ku Canada, kadadula waya mmodzi. Katundu wake adagwera mawaya ena, nawonso n'kudzidula. M'mphindi zochepa anthu pafupifupi 30 miliyoni, kuphatikizapo a mumzinda wa New York, adali mumdima, ena mpaka maola 13.

Kuchokera apo lamulo lina lidakhazikika m'maiko ambiri: konzani zinthu mwakuti chinthu chimodzi chilichonse chikafa, kaya ndi waya, thiransifoma kapena makina, zotsalazo zipitirire. Mainjiniya amalitcha N-1. Poyesa, amatenga ngozi yoipitsitsa, mawaya onse atatu kugundana pafupi ndi makina nthawi yomwe katundu wachuluka, n'kuona ngati makinawo angachire. Lamuloli ndi labwino kwa mwini nkhokwe ziwiri. Limafuna kuti ukhale ndi waya wapadera, makina apadera ongozungulira kudikira tsoka. Nanga dziko lomwe magetsi ake sakwana ngakhale tsiku lomwe zonse zili bwino, lisunga chiyani? Makina amodzi okha a ku Kapichira amapanga mamegawati 32.4. Pamene dziko lonse linkadalira mamegawati pafupifupi 350, kugwa kwa makina amodzi amenewo kunali kutaya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi nthawi imodzi. Kwa anzathu olumikizana maiko ambiri, kutaya kotereku ndi kulumidwa ndi udzudzu. Kwa ife ndi kuthyoka mwendo.

N'chifukwa chake maganizo ena, omwe adayamba kumveka cha m'ma 1980, amandikhudza ine ngati Mmalawi. Roy Billinton wa kuyunivesite ya Saskatchewan ku Canada ndi ophunzira ake adati tisamangofunsa ngati makina angapirire ngozi yoipitsitsa, koma tifunsenso kuti ngozi iliyonse imachitika kangati. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, James McCalley ndi Vijay Vittal a kuyunivesite ya Iowa State ku America adawonjezapo mbali yachiwiri: ikachitika, iwononga zingati? Chiopsezo, mwa kuwerengera kwawo, ndi mwayi woti chinthu chichitike kuchulukitsa ndi kukula kwa chiwonongeko chake. Mphezi yomenya waya mmodzi imabwera kawirikawiri koma nthawi zambiri imachira yokha. Kugundana kwa mawaya onse atatu n'kosowa koma kumagwetsa nyumba. Ngozi ya pafupi ndi makina siifanana ndi ya kumapeto kwa waya. Ya mu Januwale mvula ili pakati siifanana ndi ya mu Julayi. Ukaika zonsezi pasikelo, umadziwa pomwe kakwacha kako kochepa kangatchinge tsoka lalikulu.

Kunena zoona, amayi a pamsika wa Nsungwi amawadziwa masamu amenewa popanda dipuloma. Wogulitsa tomato amadziwa kuti angapo aphwanyika tsiku lililonse, ndipo salira nazo. Adaziika kale mumtengo. Chomwe amaopa ndi dengu lonse kugwa pagalimoto, zomwe zimachitika mwa kamodzikamodzi koma zimatha mpamba. N'chifukwa chake saika mpamba wonse m'dengu limodzi. Mbiri yathu ya magetsi ndi ya munthu yemwe adaika madengu onse pagalimoto imodzi, osati chifukwa cha uchitsiru, koma chifukwa galimoto ya Shire ndiyo idali yotsika mtengo.

Ndipo galimotoyo yagwapo kangapo. Kumapeto kwa 2001, namasupuni ndi zinyalala za mumtsinje zidaphwanya polowera madzi pa Tedzani I ndi II, makinawo n'kukhala chete kwa zaka zingapo. Mu Januwale 2015 madzi osefukira adabweretsa zitsa, mitengo ndi matope moti makina adaimitsidwa. Kenaka zidatembenuka: mu 2016 ndi 2017 nyanja idatsika, madzi n'kuchepa, ndipo chakumapeto kwa 2017 makina ankapanga osakwana theka la mphamvu yake. Amene tidali mumzinda muno tikukumbuka madera akukhala mumdima usana ndi usiku wathunthu. Chaka chomwecho cha 2017 ntchito idali itagawidwa: EGENCO kupanga magetsi, ESCOM kunyamula ndi kugulitsa. Mu 2018 adabwereka majenereta a dizilo a kampani ya Aggreko, mamegawati 78, ena mwa iwo n'kuikidwa ku Kanengo konkuno, ndipo adalira mpaka 2022. Pa 24 Januwale 2022 namondwe Ana adagumula damu la Kapichira. Mamegawati 129.6, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu ya dziko, adapita usiku umodzi, ndipo padatenga kupitirira chaka kuti siteshoniyo ibwerere mu 2023. M'Malichi chaka chomwecho namondwe Freddy adachititsanso kuti makina a ku Nkula ndi Tedzani aimitsidwe chifukwa cha zinyalala.

Taonani chomwe mndandandawu ukutiuza. Lamulo la chinthu chimodzi limaganiza kuti matsoka amabwera limodzilimodzi, ngati odwala pamzere wa kuchipatala. Pa Shire matsoka amabwera pagulu ngati anamfedwa. Mvula yomwe yadzaza zinyalala ku Nkula ndi yomweyo yagwetsa nsanja ku Chikwawa, ndi yomweyo ikumenya mphezi pawaya wa ku Lilongwe. Njira yowerengera chiopsezo yokha ndiyo imatha kuona kuti zinthu zitatu zooneka zosiyana zili ndi kholo limodzi. Ndipo kholo linalo ndi ife tomwe. Magetsi akathima timathamangira makala. Makala a ku Lilongwe amadya nkhalango ya Dzalanyama. A ku Blantyre amadya mapiri a Neno ndi Mwanza, omwe dothi lake limatsetserekera mu Shire n'kukakwirira madamu, magetsi n'kuthimanso. Walira mvula walira matope, koma ife talira makala n'kulira mdima.

Sindikunena kuti palibe chachitika. Pakati pa 2013 ndi 2018, thandizo la madola 350.7 miliyoni lochokera ku bungwe la Millennium Challenge Corporation la ku America lidamanga waya wa mavoti 400,000 kuchokera ku Phombeya m'boma la Balaka kufika ku Nkhoma, mtunda wa makilomita 173, lidakonzanso Nkula A ndi kuika makompyuta oti oyang'anira aziona momwe magetsi akuyendera m'dziko lonse. Chingwe chokokera ngolo ya Lilongwe chidanenepa. Tedzani IV adawonjezeka mu 2021 ndi thandizo la Japan. Chaka chomwecho ku Salima kudatsegulidwa munda wa magetsi adzuwa wa mamegawati 60, ndipo mu 2022 ku Golomoti wa mamegawati 20 wokhala ndi mabatire. Dengu lina lidatsika pagalimoto ya Shire.

Komatu dzuwa lili ndi khalidwe lake. Pitani pachigayo cha dizilo mukaone gudumu lolemera lija lomwe limazungulira pambali pa injini. Chimanga chikathiridwa chambiri, gudumulo ndi lomwe limapitiriza kukoka injini isanapeze mphamvu zina. Makina a pamadzi ali ndi kulemera koteroko, matani ambiri a chitsulo chozungulira, ndipo ndiko kumagula timasekondi tija topulumutsa dziko. Magalasi a sola alibe gudumu. Mtambo ukadutsa ku Salima mphamvu imatsika mwadzidzidzi, ndipo makina a pa Shire amayenera kuthamangira kukatseka mpatawo. N'chifukwa chake mu Novembala 2024 ntchito yomanga mabatire a mamegawati 20 idakhazikitsidwa ku Kanengo, kuti akhale ngati gudumu losazungulira lomwe limayankha mwamsanga kuposa madzi. Vutoli si lathu tokha. Pa 28 Epulo 2025 masana, Spain ndi Portugal, maiko olemera, adathimiratu m'masekondi ochepa voteji itakwera osagwirika. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mankhwala ena ndi kusinja ndi anzako ambiri. Maiko a m'chigawo chino adakhazikitsa mgwirizano wa Southern African Power Pool mu 1995, ndipo kwa zaka zambiri Malawi adali membala wa pamsonkhano koma wopanda waya wamkulu womulumikiza kwa anzake, chilumba pakati pa mtunda. Ntchito yomanga waya wa mavoti 400,000 kuchokera ku Matambo m'chigawo cha Tete kufika ku Phombeya, makilomita 218, idakhazikitsidwa ndi apulezidenti Filipe Nyusi ndi Lazarus Chakwera. Ambiri amauona ngati paipi yogulira magetsi basi. Phindu lake lina ndi losaoneka: makina athu ochepawa akagwirana ndi makina akuluakulu a m'chigawo chonse, kugwa kwa makina amodzi ku Kapichira sikugwedezanso nyimbo ngati kale. Koma mutu wolowa m'gule wa anzako umamvanso kupunthwa kwawo. Nazonso zimafuna kuwerengera, monga momwe ziyenera kuwerengedwera ndondomeko ya Mpatamanga, ya mamegawati oposa 350, yomwe malo ake ndi pa Shire pomwepo, pakati pa Tedzani ndi Kapichira.

Tsono ndifike pomwe pali mtima wa nkhani yanga. M'masamu a chiopsezo muli mbali ziwiri. Mwayi woti ngozi ichitike amaudziwa ndi mainjiniya, powerenga mphezi ndi zaka za makina. Koma kukula kwa chiwonongeko, ndani amakuyeza, ndipo amayeza cha yani? Kulikonse padziko, zida zopepuza katundu zimatcheredwa kuti zisiye zipatala, mapampu a madzi ndi malo ena ofunika, n'kuyamba kudula mawaya a kumakomo. Zimenezo n'zomveka, palibe angafune kuti mdima ugwere wodwala ali patebulo ku Kamuzu Central. Dziko likagwa lonse, oyang'anira amadzutsa siteshoni imodzi n'kumalumikiza madera pang'onopang'ono kuopa kugwetsanso makina, n'chifukwa chake ana a ku Area 23 amakuwa kuti "ayakaaa!" a ku Kawale akadali chete. Koma pamzere umenewo wina amakhala woyamba, wina wotsiriza, ndipo mzerewo adaulemba ndi munthu.

Fakitale ya ku Kanengo ikaima ola limodzi, akauntanti amalemba chiwerengero n'kuchitumiza komwe chikamveke. Wowotcherera wa ku Biwi yemwe geti lamuthera pakati, mayi wa ku Chinsapo yemwe mafilizesi ake asungunuka, wachigayo yemwe mota yapsa magetsi atabwerera mwamphamvu, mwana wa Fomu 4 ku Area 25 yemwe mayeso ali mawa: awa alibe akauntanti. Chiwonongeko chosalembedwa chimalowa m'masamu ngati ziro, ndipo ziro ukamuchulukitsa ndi chilichonse amakhalabe ziro. Pali enanso omwe sali n'komwe m'masamuwo. Kalembera wa 2018 adapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse m'dziko muno ndi zomwe zimaunikira magetsi. Ku Mgona kuli mabanja omwe amagona akumva kulira kwa mathiransifoma a ku Kanengo, koloboyi ali pamutu pa mphasa.

Pempho langa ndi laling'ono. Bungwe la MERA, lomwe lidabadwa ndi malamulo a zamphamvu a 2004, limaitana anthu kukamva ndi kuyankhapo mitengo ya magetsi ikafuna kukwera. Tikapita kumeneko timangokangana za mtengo wa yuniti. Tiyambe kufunsanso mafunso enawo. Chaka chathachi dziko lidagwa lonse kangati, ndipo chidayambitsa n'chiyani ulendo uliwonse? Ndi ngozi ziti zomwe mwasankha kutchinga, ndi ziti zomwe mwavomereza kuti tizingopirira? Ola limodzi la mdima ku Chinsapo mwaliika pamtengo wanji? Dziko losauka silingatchinge tsoka lililonse, ndipo palibe manyazi kuvomereza zimenezo. Koma ngati pali tsoka lomwe tasankha kukhala nalo, olisenza ake ali ndi ufulu wodziwa kuti adasankhidwa, ndi chifukwa chake. Safunsa adadya phula.